Nkhongole ya nyumba ya lendi: funsani mabanki ambiri, koma taito ndi imodzi

Kucokera pamene boma linalola anchito kutapako 20 peresenti ya ndalama zao za penshoni ku NAPSA mu Epulo 2023, nkhani ya mapuloti ndi nyumba za lendi siikucoka pakamwa pa anthu kuno kum'mawa. Ena anagula malo ku Chipata, ena ku Katete, Petauke ndi Lundazi, ndipo maziko ambiri amene timaona m'mbali mwa miseu anakumbidwa ndi ndalama zimenezo. Alimi naonso, atavutika ndi cilala ca 2024 pamene dziko lonse linakolola matani a cimanga okwana 1.5 miliyoni cabe, anaona zokolola za 2025 zikupitirira matani 3.6 miliyoni, ndipo amene anagulitsa bwino ayamba kuganiza zoika ndalama pa cinthu cosadyedwa ndi anankafumbwe. Maganizo amenewa si oipa. Boma lenilenilo limanena kuti dziko lathu likuperewera nyumba zoposa 1.5 miliyoni, ndipo mphunzitsi, namwino kapena wapolisi akatumizidwa ku boma lacilendo, cinthu coyamba cimene amafunafuna ndi pogona.

Koma ndalama ya m'manja siikwana kugula kapena kutsiriza nyumba, motero anthu akutembenukira ku mabanki. Funso limene timalimva kawirikawiri tikamwazikana pa misonkhano ya pa parishi ndi ya makopaletivu ndi lakuti: kodi n'cabwino kupereka mafomu ku mabanki angapo nthawi imodzi? Ena amaopa kuti banki imene imalandira malipiro ao idzakhumudwa, ngati kuti banki ndi apongozi. Ena amaganiza kuti mafomu akaculuka, mwai naonso uculuka, monga mmene zimakhalira pofuna nchito.

Ife tikuti kufunsa kwa obwereketsa ambiri n'koyenera, ndipo amene safunsa amataya ndalama zambiri. Koma kufunsa mtengo ndi kusaina pepala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tsoka lalikulu limagwera munthu amene anayamba ndi kufunsa kwa anthu asanu n'kutsiriza ali ndi nkhongole kwa onse asanuwo.

Tiyambe ndi masamu, pakuti ndiwo asonyeza cifukwa cofunsira. Manambala awa ndi acitsanzo cabe, aliyense aikepo ace. Tinene kuti nyumba ikugulitsidwa K600,000. Inu mwapereka K120,000 ya m'thumba mwanu, ndipo banki yakukongozani K480,000 yobweza pa zaka 15. Ngati ciwongola dzanja ndi 20 peresenti pacaka, mudzalipira pafupifupi K8,430 mwezi uliwonse. Ngati ndi 25 peresenti, mudzalipira K10,250. Kusiyana kwace ndi K1,820 pamwezi, ndiye kuti matumba asanu a cimanga ndi kakusefukira, tikawerengera pa mtengo wa K340 umene a FRA anagulira thumba la makilogalamu 50 mu 2025. Pa zaka zonse 15 kusiyanako kumapitirira K327,000, ndalama yoposa theka la mtengo wa nyumba yeniyeniyo. Munthu amene amayenda msika wonse kufunsa mtengo wa thumba limodzi la fataleza sayenera kucita manyazi kuyenda mabanki anai pa nkhani ya ndalama zotere.

Obwereketsa saali amodzimodzi. Pali Zambia National Building Society imene yakhala ikukongoza ndalama za nyumba kucokera mu 1970, palinso mabanki a malonda monga Zanaco, Absa, Stanbic, FNB ndi Indo Zambia Bank, ndipo aliyense ali ndi malamulo ace amene amasintha ndi nthawi. Wina afuna kuti muyambe mwaikapo ndalama yambiri yanu, wina yocepa. Wina apereka zaka zambiri zobwezera, wina zowerengeka, ndipo onse amayang'ana zaka zimene zakutsalirani kuti mupume pa nchito. Mphunzitsi wa zaka 52 asayembekezere kupatsidwa zaka 20. Pa nyumba ya lendi pali funso lina lofunika kulifunsa tsiku loyamba lomwelo: kodi mumakongoza pa nyumba imene mwini wace sadzakhalamo, nanga lendi imene ndidzalandira mudzaiwerengera ngati gawo la zimene ndimapeza? Yankho la funso limeneli lingakupulumutseni ku maulendo atatu a basi.

Pofunsa, musakhutire ndi nambala imodzi imene wa pa kaunta anena. Banki yaikulu ya dziko, Bank of Zambia, imalamula obwereketsa amene ali pansi pace kupatsa munthu pepala lochedwa Key Facts Statement asanasaine nkhongole. Pepalalo limasonyeza ciwongola dzanja, ndalama zina zonse zolipiritsa, ndi ciwerengero ca zimene mudzabweza pamodzi. Litengeni, mupite nalo kunyumba, muliike pambali pa la banki ina. Nthawi zina amene ali ndi ciwongola dzanja cotsika amabwezera pa ndalama yokonzera nkhongole, ya maloya ndi ya inshuwalansi. Funsaninso ngati pali cilango mukafuna kutsiriza nkhongole msanga. Kwa mlimi funso limeneli ndi lalikulu, cifukwa caka cabwino cikabwera amafuna kuponya ndalama yambiri kamodzi.

Cina cimene anthu ambiri sauzidwa momveka ndi cakuti ciwongola dzanja ca nkhongole zambiri za nyumba siciima pamodzi. Kuyambira mu Epulo 2012 Bank of Zambia imalengeza mlingo wace wochedwa policy rate, ndipo mabanki amaonjezapo gawo lao pamwamba pace. Mlingowo unayamba pa 9 peresenti. Mu Novembala 2015 unafika pa 15.5, mu Ogasiti 2020 unatsika kufika pa 8, ndipo pofika Febuluwale 2025 unali utakweranso mpaka 14.5. Amene anasaina mu 2020 akusekerera anaona ndalama yobweza pamwezi ikukwera popanda iye kulakwa kanthu. Palibe banki imene ingakulonjezeni za mlingo umenewu, pakuti si wao. Cimene mungakambirane nao ndi gawo lao la pamwambalo, ndipo ndi pamenepo pamene kufunsa kwa ambiri kumathandiza. Mukakhala ndi kalata ya banki ina m'manja, mau anu amalemera. Bwana wa nthambi amene dzulo anati sitingasinthe kanthu amatha kunena kuti dikirani ndiimbe foni ku Lusaka.

Tsono kupereka mafomu kuli ndi mtengo wace, ndipo apa ndi pamene tisiyana ndi aja amati mwaza paliponse. Banki isanavomere imatuma munthu woyesa mtengo wa nyumba, ndipo ndalama yace imacokera kwa inu, ngakhale pambuyo pace akukaneni. Kawirikawiri banki iliyonse imakhulupirira oyesa ace okha, motero lipoti limene munalipirira kwa uyu silingagwire nchito kwa uyo. Mukacita zimenezi m'malo asanu, mwadya kale ndalama ya malata.

Palinso kaundula wa nkhongole. Kucokera m'zaka za m'ma 2000 dziko lathu lili ndi bungwe losunga mbiri ya okongola, limene anthu amangoti CRB ndipo lero limayendetsedwa ndi kampani ya TransUnion. Lamulo la Credit Reporting Act la 2018 ndilo limayang'anira nchito imeneyi. Obwereketsa amatumizako maina a amene akubweza bwino ndi amene analephera, ndipo wina akafufuza dzina lanu, kufufuzako kumalembedwanso. Wobwereketsa wacisanu akaona kuti anzace anai afufuza kale munthu mmodzi m'miyezi yotsatizana ndipo palibe amene anam'patsa kanthu, amayamba kudzifunsa kuti anzangawa anaona ciani. Njira yanzeru ndi kuyamba inu mwini kupempha lipoti lanu, pakuti lamulo limakupatsani ufulu umenewo. Mungapezemo kankhongole ka pa foni kamene munaiwala, kapena dzina lanu litasokonezedwa ndi la wina. Mukakonza zimenezo, yendani m'mabanki anai kapena asanu kukafunsa pakamwa ndi kutenga mapepala ao. Mafomu enieni, okhala ndi siginecha yanu ndi ndalama zanu, aperekeni kwa awiri amene akuonekerani bwino, ndipo mucite zimenezi m'mwezi umodzi kuti makalata ao akufikeni pamodzi, popeza kalata yovomera nkhongole imakhala ndi tsiku lothera.

Pa mafomu onsewo lembani zinthu zofanana ndiponso zoona. Akafunsa ngati mwapemphanso kwina, vomerani, si mlandu. Mlandu ndi kubisa nkhongole imene muli nayo, kapena kulemba kuti mudzakhalamo nokha pamene mumtima mukudziwa kuti mudzaikamo alendi. Bodza lotere limatulukira pa tsiku loipa, nyumba itapsa, a inshuwalansi atabwera ndi kupeza kuti okhalamo si amene analembedwa.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikutidetsa nkhawa kuposa zonse. Anthu ambiri amalowa m'nkhongole imeneyi ali ndi mau amodzi pakamwa: nyumba idzadzilipira yokha. Tibwerere ku citsanzo cathu cija. Tinene kuti nyumba ya K600,000 ija mwaipezera munthu wa lendi ya K3,500 pamwezi. Pa caka ndi K42,000, kapena kuti 7 peresenti ya mtengo wa nyumbayo. Banki, ngakhale ija yotsika mtengo ya 20 peresenti, ikufuna K8,430. Otsala K4,930 mwezi ndi mwezi acokera m'thumba mwanu, ndipo pacaka ndi matumba a cimanga oposa 170. Apo n'kuti wa lendi akulipira mokhulupirika miyezi yonse 12, cinthu cimene eni nyumba amadziwa kuti sicicitika kawirikawiri. Sitinawerengere msonkho wa khonsolo, ndalama ya malo ya caka ndi caka ku unduna wa za malo, kupaka penti, kupopa cimbudzi, ndi msonkho wa ZRA umene mu 2022 unaikidwa pa 4 peresenti ya lendi kwa eni nyumba ang'onoang'ono. Ndipo wa lendi akaleka kulipira simungangom'tayira katundu panja. Lamulo la Rent Act la 1972 limafuna kuti nkhani ipite kukhoti, pamene banki siidikira khoti kuti iwerenge masiku.

Onaninso mmene nkhongole yotere imathera. Pa K8,430 ya mwezi woyamba, K8,000 ndi ciwongola dzanja, ndipo K430 yokha ndiyo yacepetsa nkhongole. Pakatha zaka zisanu mwapereka ndalama zoposa K505,000, koma banki ikukuwerengeranibe pafupifupi K436,000. Ambiri amadzidzimuka akaona pepala limeneli, n'kumati atibera. Sanabe, ndi mmene masamu ace amayendera, ndipo zinalembedwa pa pepala limene munasaina.

Ana athu amene amawerenga za malonda a nyumba pa intaneti amabwera ndi uphungu wocokera ku America, kumene anthu amagula nyumba yaciwiri ndi yacitatu ndi nkhongole, alendi n'kumabweza. Kumeneko nkhongole ya nyumba ya zaka 30 inali pansi pa 3 peresenti m'miyezi yambiri ya 2021, ndipo mu 2024 inali pafupi ndi 7 peresenti. Kuno kwathu m'caka comweco ca 2024 mabanki a malonda anali kukongoza pa ciwongola dzanja coposa 25 peresenti tikatenga pakati. Nyumba yobala 7 peresenti siingasenze nkhongole ya 25 peresenti, ngakhale mutayenda mabanki khumi. Kufunsa kwa ambiri kumacepetsa dzenje, sikulikwirira. Ena adzati mtengo wa nyumba umakwera ndi zaka, ndipo lendi nayonso imakwera. N'zoona, ndipo ndico cifukwa cace sitikunena kuti nyumba ndi malonda oipa. Koma kukwera kumeneko mudzakuona pokhapo ngati mwafika kumapeto nyumba ikali yanu.

Kwa alimi pali cina copinga. Banki imawerenga ndi mwezi, mlimi amawerenga ndi caka. Wa pa nchito ya boma ali ndi peyisilipi, ndipo ngakhale iye pali malire akuti asatsale ndi ndalama yocepera 40 peresenti ya malipiro ace; tonse tikumbukira kuti mu 2021 boma linacita kulowererapo pa nkhongole za anchito ace cifukwa ambiri anali atamira. Mlimi alibe peyisilipi. Cimene angasonyeze ndi mbiri ya akaunti yace, motero amene ali ndi maganizo okongola m'tsogolo ayambe lero kudutsitsa ndalama za cimanga, soya, mpendadzuwa ndi fodya ku banki m'malo mozisunga m'nyumba. Koma adzifunsenso kuti Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itapepuka ndipo ana akufuna za sukulu, adzalipira ndi ciani. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, koma kulengezako sikunafafanize nkhongole ya munthu ndi mmodzi yemwe. Pa zaka 15 cilala cotere cingabwere kawiri kapena katatu.

Ndiye pali taito. Wobwereketsa aliyense wa nyumba amafuna cikole cokhala ndi pepala la ku unduna wa za malo, lija la zaka 99, ndipo nkhongoleyo imalembedwa m'kaundula wa boma pa dzina la malowo. Pepala la khonsolo la zaka 30 la m'makomboni si onse amalilandira, ndipo kalata ya anyakwawa siilandiridwa konse. Apa ndi pamene ena amatembenuzira maso ku munda wa makolo. Lamulo la malo la 1995 limalola kusandutsa malo a mfumu kukhala a taito ngati mfumu ndi khonsolo avomereza. Dziwani kuti malowo akangotuluka m'manja mwa mfumu ndi kuikidwa cikole, banki ikapambana mlandu ku High Court idzawagulitsa kwa aliyense wokhala ndi ndalama, kaya ndi wa mtundu wanu kaya ai, ndipo a mfumu sadzakhala ndi conena. Munda umene unadyetsa mibadwo itatu ungapite cifukwa ca nyumba ya m'tauni imene inasowa wa lendi miyezi isanu ndi umodzi. Cimodzimodzi inu makolo amene mwana kapena mkamwini akupemphani taito ya nyumba yanu kuti akongolere: mukasaina, nyumba imene ili pa ngozi ndi yanu, ngakhale ndalamayo simunaigwireko.

Taito ndi imodzi, ndipo imakhala m'kabati ya wobwereketsa mmodzi. N'cifukwa cace mabanki awiri akavomera, mumasankhapo imodzi ndi kuyamika inayo mwaulemu. Koma taona njira ina imene ikufala, yosonkhanitsa nkhongole ngati nkhuni. Banki yapereka K480,000, koma K120,000 ija yoyambira munthu alibe. Atengako ku gulu la banki ya m'mudzi, kumene ciwongola dzanja cimawerengedwa pa mwezi. Ya maloya atenga ku kakampani kodula pa malipiro. Mwezi wacitatu zikathina, apita kwa wa kaloba. Aliyense wa amenewa akuganiza kuti ndiye yekha, ndipo onse akudya m'mbale imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga anai? Magulu athu osunga ndi kubwereketsana, monga a SILC amene ali m'maparishi ambiri, anapangidwira mbeu, mbuzi ndi tumalonda tobweza m'miyezi yocepa. Munthu mmodzi akatengamo ndalama ya nyumba n'kulephera, amene amalira pa tsiku logawana ndi amai amasiye amene anasunga K50 pa sabata.

Za kaloba tinenepo mau amodzi okha. Ambiri a iwo salembetsa pangano la nkhongole, amalembetsa kalata yakuti mwawagulitsa nyumba, n'kumati ndi mwambo cabe, mukabweza tidzang'amba. Milandu yotere yafika m'makhoti athu kambirimbiri, ndipo woweruza amayamba ndi kuwerenga zimene zinalembedwa.

Kukanidwa nakonso kuli ndi phindu lace, ndipo ili ndi dalitso lina la kufunsa kwa ambiri limene anthu salifuna. Banki imodzi ikakukanani, mwina ndi malamulo ace cabe, pitani kwina. Koma zitatu zikakukanani pa cifukwa cimodzi, kuti zimene mumapeza sizikwana, ndiye kuti anthu atatu odziwa masamu, amene akanapindula mukanakongola, aona kuti mudzagwa. Funsani cifukwa, mucilembe. Coopsa ndi kutsika makwerero, kucoka ku banki kupita ku kakampani, kucoka ku kakampani kupita kwa munthu wa pa kona, kufikira mutapeza amene safunsa mafunso. Iye safunsa cifukwa maso ace ali pa nyumba, osati pa kubweza kwanu.

Nanga tileke kumanga? Iai. Nyumba zambiri za lendi zimene timaona ku Kapata ndi ku Mchini sizinamangidwe ndi nkhongole ya zaka 15. Zinakwera pang'onopang'ono, njerwa caka cino, malata caka camawa, monga tsokonombwe uja anatha mtunda n'kudumpha. Nkhongole imagwira bwino nchito ikabwera kumapeto, kudzatsiriza denga, mawindo ndi malaiti kuti wa lendi alowe. Muyezo wace ndi uwu: tengani lendi ya miyezi khumi, osati 12, muigawe pa caka conse, ndipo musakongole ndalama imene kubweza kwace kupitirira pamenepo. Pa lendi ya K3,500 ndiye kuti pafupifupi K2,900 pamwezi, imene pa 20 peresenti ndi zaka 15 ingasenze nkhongole ya K165,000 cabe. Ndi ndalama imeneyo, osati K480,000, imene muyenera kuyenda nayo m'mabanki kufunsa amene angakupatseni motsika.

Musapite nokha. Akazi anu kapena amuna anu aone mapepala onse, ndipo mwana mmodzi wamkulu adziwe kumene taito ili. Funsani banki iliyonse ngati inshuwalansi ya moyo imene akulipiritsani idzatseka nkhongole yonse inu mukamwalira, ndiponso kuti imathera pa zaka zingati zakubadwa. Lamulo la 1989 logawa cuma ca masiye limapatsa ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20 ndi ena odalira malemu 10, koma kugawako kumacitika nkhongole zitalipiridwa.

Ndipo ngati mukugula nyumba yomangidwa kale, musapereke ngakhale ngwee imodzi kwa wogulitsa musanafufuze ku kaundula wa unduna wa za malo kuti dzina lili pa taito ndi lacedi, ndiponso kuti nyumbayo siili kale cikole kwa wina. Pa pangano mulembenso momveka za msonkho wosinthira dzina, umene unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025. Mwa lamulo ndi wa wogulitsa, ndipo pa nyumba ya K600,000 ndi K48,000.